Funso Lachisanu ndi Chinayi

Magetsi abwera cha m'ma naini usiku kuno ku Kasungu.
Ndatsegula kompyuta pa tebulo lomwe Eneless amadulirapo nsalu.
Anthu mazana anayi agona m'mizere,
aliyense ndi manambala ake makumi awiri:
wani, sindikuvomereza m'pang'ono pomwe,
faifi, ndikuvomereza ndi mtima wonse,
firii, ya munthu amene ankafuna tichoke msanga pakhonde pake.

Tinati tikuyeza nkhawa.
Koma nkhawa sikwera pa sikelo ya mavenda,
ndiye tinaitchera mafunso makumi awiri
kuzungulira una womwe mwini wake sitinamuonepo.

Bambo anga, a Jailosi, ankasankha fodya pa esiteti ku Chamama.
Sankafunsa tsamba dzina lake.
Ankaligwira, kulinunkhiza,
kuliunika pa kuwala kwa pakhomo pa chigafa,
n'kuliponya kwa abale ake.
Ntchito yanga ndi yomweyo, kungoti zala zanga ndi masamu.
Ndimasuzumira mafunso amene amakwera limodzi n'kutsika limodzi,
ndimati awa anayamwa bere limodzi
ngakhale mayi wawo sanabwere ku kafukufuku.

Ndadina. Makina apeta.
Mulu umodzi womwe tinalonjeza abwana a ku Lilongwe
wasanduka iwiri.
Woyamba ukununkha ngongole ya feteleza,
fizi ya mwana wa fomu thuu,
nkhokwe yoonetsa pansi mvula isanagwe.
Mafunso khumi ndi limodzi, ogwirana m'chiuno.
Wachiwiri ndi wopanda phokoso:
kusowa womuuza, kuleka kupita ku kwaya,
misozi yobwera uli pa mjigo.
Sindinadziwe kuti nkhawa ili ndi makomo awiri.

Nanga ili?
Funso lachisanu ndi chinayi laima lokha ngati mlendo pa maliro,
0.12 uku, 0.09 uko.
"Kodi mumavutika kupeza tulo usiku?"
Amene anatiphunzitsa onse amati kusagona ndi mwana wachisamba wa nkhawa.
Pano wakana mtundu wake.

Ndaimbira Gibson Katengeza, amene anathyola masipoko a njinga
akuyenda ndi mapepalawa.
Waseka mpaka kutsokomola.
Akuti, mlongo, tinafunsa mu Epulo.
Ku Chulu, kufupi ndi waya wa paki, ndani amagona mu Epulo?
Amuna amachezera m'munda ndi zitini ndi moto,
njovu zikamva chimanga chikukhwima.
Mayi wina, NyaGondwe, anati lembani faifi,
kenaka anawonjeza, koma mtima wanga uli m'malo, mwanawe.
Panalibe bokosi la mawu amenewo.
Ndipo pa boma pano ofaifi anali alonda a m'masitolo
ndi amayi odzuka firii koloko kukazinga mandasi.

Ndiye kuti miyezi itatu, mafuta, malipiro, nsapato ziwiri za Gibson,
funso limeneli limayeza njovu.

Lamulo ndi lachidule: losafika 0.4 lichoke.
Ndalichotsa. Otsalawo akhala bwino,
manambala awala ngati ana osamba.
Mu lipoti ndalemba mzere umodzi wouma,
wakuti funsoli silinagwirizane ndi anzake m'dera lino.
NyaGondwe mulibemo, zitini mulibemo.

Bambo anga tsamba losowa mulu sankalitaya.
Ankalisomeka pa phaso n'kupita kukasamba,
akuti maso a m'mawa amaona zina.
Ine ndalisunga m'faelo yake, ndaitcha njovu.

Magetsi azima. Eneless akuliza mkonono kuchipinda,
mashini ake avundikiridwa chitenje.
Lipoti likufunika Lolemba
ndipo abwana analipira mulu umodzi.
Ndatembenuza pilo kawiri.
Gibson atabwera pano ndi pepala lake
ndikanati lemba faifi,
ndipo kuno ku Chankhanga kulibe njovu.